Mawu Amene Amadzilemba Okha Pamwamba pa Fayilo

(NYIMBO YOTSEGULIRA. IZILALE PANG'ONOPANG'ONO)

WOKAMBA NKHANI:

 Lero ndabwera ndi mlandu umene amisiri a mapulogalamu akhala akukanganirana kwa zaka zambiri, mlandu umene munthu wapadera angauyese wachabechabe, popeza ukhudza kamzere kamodzi kokha kokhala pamwamba pa fayilo. Koma ndikupemphani kuti mudekhe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tikaulondola bwino tidzapeza kuti m'kamzere kameneko mwabisala mbiri ya mmene anthu adaphunzirira kugwirira ntchito imodzi ali ambiri.

Pulogalamu iliyonse imene muli nayo m'foni kapena m'kompyuta idayamba ngati malemba, amene eni luso amawatcha khodi, olembedwa m'mafayilo ambirimbiri. Ndipo popeza mafayilowo amasinthidwa tsiku ndi tsiku, lero ndi uyu mawa ndi uja, padafunika zida zosunga mbiri yawo, zoti zizikumbukira amene adasintha mzere wakutiwakuti, tsiku limene adausintha, ndi chifukwa chimene adapereka. Malo amene chida chotere chimasungamo mbiriyo tiwatcha nkhokwe. Munthu amatapa fayilo m'nkhokwemo, naikonza, naibwezera, ndipo chidacho chimalemba kuti uwu ndi mtundu watsopano wa fayiloyo. Tsono funso lathu nali: pamene munthu atapa fayilo, kodi chidacho chili ndi ufulu wolowetsa dzanja m'kati mwa fayilomo, ndi kulembamo chokha nambala ya mtundu wake, tsiku, ndi dzina la amene adaikhudza komaliza? Kapena kodi chiyenera kubweza fayiloyo monga momwe idaperekedwera, osawonjezapo kapena kuchotsapo ngakhale kachilembo kamodzi?

Mwambo wolemba m'fayilo ndi wakale ngati zidazo. M'chaka cha 1972, ku Bell Labs m'dziko la America, bambo Marc Rochkind adapanga chida chotchedwa SCCS, chimene ambiri amachiyesa kholo la zida zonsezi. Ndipo m'chida chimenecho mmisiri ankatha kulemba chilembo chimodzi pakati pa zizindikiro ziwiri za peresenti, monga chilembo I kapena W, kotero kuti potapa fayilo kuti aiwerenge kapena aimange kukhala pulogalamu, chidacho chinkafafaniza zizindikirozo n'kuikapo nambala ya mtundu ndi dzina la fayilo. Mawu oterewa tiwatcha mawu achizindikiro. Nzeru yake idali yakuya kuposa mmene imaonekera, chifukwa mmisiri akaika mawuwo m'malo oyenera m'khodi, iwo ankalowa m'pulogalamu yomangidwayo n'kuyenda nayo kulikonse kumene yapita. Ndipo padali lamulo lina laling'ono lotchedwa what, limene linkafufuza m'kati mwa pulogalamu yothaitha ndi kutchula, limodzilimodzi, mafayilo onse amene adaimangira pamodzi ndi nambala zawo.

Taganizani za mmisiri wa masiku amenewo, amene pulogalamu yake yatumizidwa pa tepi ku mzinda wakutali, ndipo patapita miyezi alandira uthenga wakuti yayamba kulakwitsa. Iye sangaione, intaneti monga tiidziwira lero kulibe, ndipo wodandaulayo sadziwa kuti ali ndi mtundu uti. Kwa munthu wotere, kuuza mnzake wakutaliyo kuti alembe lamulo limodzi n'kumuwerengera zimene zatuluka kudali chipulumutso chenicheni. Ndanena izi poyamba kuti wina asayese kuti akale adachita mopusa. Iwo adayankha funso loona, limene mpaka lero likadali loona, lakuti chinthu ndachigwira m'manjachi chidachokera kuti.

SCCS idali ndi chilema chimodzi: ikafafaniza zizindikiro zija, sizinkabweranso, kotero kuti munthu akakonza kope lolembedwa kale nambala n'kulibwezera m'nkhokwe, nambala yakaleyo inkauma pomwepo kosatha. Chilema chimenechi adachichiza bambo Walter Tichy a pa yunivesite ya Purdue, amene m'chaka cha 1982 adatulutsa chida chotchedwa RCS. Iwo adasankha chizindikiro cha dola. Mmisiri ankalemba dola, kenaka mawu monga Id, Revision, Date kapena Author, natseka ndi dola linanso. Ndipo chidacho, mmalo mofafaniza mawuwo, chinkawasiya pomwepo n'kulowetsa nambala, tsiku ndi dzina pakati pa madola awiriwo, kuti ulendo wotsatira chidzawapezenso ndi kuwalemba mwatsopano. Kuyambira pamenepo kamzere ka $Id$ kadafalikira m'khodi ya dziko lonse lapansi, ndipo aliyense amene adatsegulapo fayilo yakale ya chinenero cha C adakaona kali pamwamba, m'kati mwa ndemanga. RCS nayo idali ndi lamulo lake lofufuzira, lotchedwa ident.

Pano ndifuna mugwiritse mfundo imodzi, pakuti mlandu wonse wagona pa iyo. M'zida ziwiri zimenezi fayilo iliyonse inkakhala ndi mbiri yakeyake ndi nambala zakezake, kuyambira 1.1, kudza 1.2, kunka mtsogolo; ndiponso mwambo wake udali wakuti munthu mmodzi yekha ndiye akonze fayilo pa nthawi imodzi, ataitsekera anzake mpaka atatha. M'dziko lotero nambala ya fayilo idali dzina lake lenileni, losakayikitsa, ndipo kuilemba pamwamba pake sikunkapweteka munthu.

Mavuto adadza pamene anthu adachuluka. M'chaka cha 1986 bambo Dick Grune a ku Vrije Universiteit mumzinda wa Amsterdam adatulutsa CVS, imene bambo Brian Berliner adadzailembanso m'chinenero cha C chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ndipo CVS, ngakhale idamangidwa pa mafayilo a RCS ndi kulowa chokolo cha mawu ake onse achizindikiro, idabweretsa chinthu chatsopano, ndicho kulola anthu ambiri kukonza fayilo imodzi nthawi imodzi, aliyense pa kope lake kapena pa nthambi yake, ndiko kuti njira yakeyake ya mbiri yopatuka ku inzake, n'kudzaphatikiza ntchito zawo pambuyo. Tsono taonani chimene chinkachitika. Mayi wina akonza mzere wa kumapeto kwa fayilo pa nthambi yake, bambo wina akonza mzere wa pakati pa nthambi ina. Ntchito zawo sizikhudzana konse, ndipo kuziphatikiza kukadayenera kukhala kosavuta. Koma chidacho chalemba nambala ina pamwamba pa kope la mayi uja, ndi nambala ina pamwamba pa kope la bamboyo, ndipo pofika tsiku lophatikiza nthambi, chida chomwecho chiimirira n'kunena kuti pali kusamvana pa mzere woyamba, munthu abwere adzaweruze. Mkangano wake ngwoti palibe munthu adauyamba. Ndipo ngati mafayilo osinthidwa mbali zonse ali mazana, mmisiri ankatha tsiku lonse akuweruza milandu imene chida chake chomwe chidautsa.

Eni CVS adapereka mankhwala, akuti pophatikiza nthambi munthu awonjeze lamulo la -kk, limene limachotsa nambala n'kusiya mawu okha. Koma walira mvula walira matope, pakuti m'mitundu yakale ya CVS mankhwala omwewa ankafika ndi pa mafayilo amene sayenera kukhudzidwa konse, n'kuwaononga. Mafayilo amenewa ndiwo vuto lachiwiri. CVS inkalemba mawu achizindikiro m'fayilo iliyonse popanda kufunsa, pokhapokha mwini wake atakumbukira kuiuza ndi lamulo la -kb kuti iyi si fayilo ya malemba wamba. Fayilo ya chithunzi, kapena ya pulogalamu yomangidwa kale, imadalira kuti kanthu kalikonse kakhale pamalo pake penipeni. Tsono zikachitika kuti m'kati mwake muli zilembo zofanana ndi $Id$, chidacho chinkalowetsapo zakezo, fayilo n'kutalika, zonse za pambuyo pake n'kusuntha, ndipo chimene chidalowa m'nkhokwe chili chamoyo chinkatuluka chakufa. Chosekesa n'chakuti ngakhale buku lofotokoza CVS, limene lidayambidwa ndi bambo Per Cederqvist, lidayenera kubisa mawuwa mwa njira yapadera m'malemba ake, kuopa kuti chida chimene likufotokozacho chingalisokoneze pamene lingofuna kuwatchula.

Panalinso mawu ena otchedwa Log, amene ine ndimawayesa oipitsitsa mwa onse. Awa sankangolemba nambala ayi, koma nthawi iliyonse munthu akabwezera fayilo, ankakopera chifukwa chimene waperekacho n'kuchiunjika m'fayilo momwemo, chaka ndi chaka, kufikira kuti m'mafayilo ena munthu ankayenda masamba angapo a mbiri asanaone mzere woyamba wa khodi. Mbiri imodzi inkakhala pawiri, m'nkhokwe ndi m'fayilo, ndipo wina akakonza cholakwa mbali imodzi, inayo inkatsala ndi chakale. Pophatikiza nthambi ndiye musanene.

Koma mlandu waukulu umene ndiimba mawu achizindikiro suli pa ntchito imene amachulutsa, pakuti ntchito munthu amapirira. Uli pa umboni wawo. Kamzere kaja kamalembedwa pa nthawi yotapa fayilo, ndipo kuyambira pamenepo sikadziwanso kanthu. Mmisiri atapa fayilo ya nambala 1.7, asintha mizere 40, saibwezera m'nkhokwe, koma amanga pulogalamu n'kuitumiza kwa ogula. Pamwamba pa fayiloyo pakadali 1.7, ndipo lamulo la ident lidzalumbira kuti pulogalamuyo idachokera ku 1.7, pamene m'nkhokwe monse mulibe fayilo yofanana nayo. Wofufuza cholakwa adzatsegula 1.7 ya m'nkhokwe, nadzaiwerenga usiku wonse kufunafuna chilema chimene mulibe. Pakadapanda kamzereko iye akadakayika n'kufunsa. Koma popeza kalipo, ndipo kalembedwa ndi makina amene anthu amawakhulupirira, iye sakayika. Indetu mboni yonama imene ili ndi nkhope yokhulupirika iposa kuipa kusowa mboni.

Onjezanipo ichi. Khodi imayenda kuchoka ku gulu lina kunka ku lina, ndipo fayilo yobwera ndi $Id$ ya kwawo ikalowa m'nkhokwe ya eni atsopano, chida chawo chimafafaniza nambala yakwawoyo n'kulembapo yake, kotero kuti chizindikiro chimene chidaikidwa kuti chisunge chiyambi cha fayilo ndicho choyamba kutayika. Magulu olemba mapulogalamu oyendetsa kompyuta otchedwa BSD adaona msanga vuto limeneli, ndipo gulu lililonse lidadzipangira mawu akeake: a FreeBSD adaika dzina lawo pakati pa madola, a NetBSD chimodzimodzi, a OpenBSD chimodzimodzi, kuti fayilo imodzi ithe kusenza zizindikiro za makomo onse amene idadutsamo popanda china kufafaniza chinzake. Nzeru imeneyi idagwira ntchito zaka zambiri, ndipo tidzabwereranso kwa anthu amenewa.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Pamene kampani ya CollabNet idayamba kupanga Subversion m'chaka cha 2000, ndi cholinga chokonza zolakwa za CVS, amisiri ake adayenda njira yapakati. Mtundu wa 1.0, umene udatuluka mu Febuluwale 2004, sunkakhudza fayilo iliyonse pokhapokha mwini wake atapempha, fayilo ndi fayilo, kudzera m'chizindikiro chotchedwa svn:keywords. M'nkhokwe mawuwo ankasungidwa osatambasulidwa, kuti asautse mikangano yabodza. Ndipo mawu a Log adawakaniratu. Kumeneko kudali kukonza kwanzeru. Komabe padatsala msampha wina, pakuti mu Subversion nambala siikhalanso ya fayilo imodzi, koma ya nkhokwe yonse, ndipo ambiri ankayesa kuti akaika $Revision$ m'fayilo imodzi, pulogalamu yawo izidzitchula nambala ya lero. Pamene zoona zake n'zakuti mawuwo amangonena nambala imene fayilo imeneyoyo idasinthidwa komaliza, kaya ndi chaka chatha. Ofuna nambala ya ntchito yonse adapatsidwa kachida kena kapadera, kotchedwa svnversion, koitanidwa pa nthawi yomanga pulogalamu, kamene kamawonjezanso chilembo M ngati pali zosintha zosabwezeredwa. Sungani kachida kameneka m'mutu, pakuti m'menemo yankho la mlandu wathu lidayamba kuonekera.

Mu Epulo 2005, gulu lolemba Linux litataya chilolezo chogwiritsa ntchito kwaulere chida chosunga mbiri chotchedwa BitKeeper, bambo Linus Torvalds adayamba kulemba Git, imene patangopita miyezi yochepa adaisiya m'manja mwa bambo Junio Hamano. A Torvalds sadabise kunyansidwa kwawo ndi mawu achizindikiro. Koma tisayese kuti Git imawakana chifukwa cha mtima wa munthu mmodzi, popeza kukanako kudachokera m'mamangidwe ake enieni. Mu Git chinthu chilichonse chimatchedwa dzina lochokera m'zimene zili m'kati mwake: makina amawerengetsa zonse za m'fayilo mwa njira yotchedwa SHA-1, natulutsa dzina la zilembo ndi manambala 40, lotchedwa hash, ndipo mukasintha kadontho kamodzi kokha, dzina lonse lisinthika. Kubwezera kulikonse kwa ntchito m'nkhokwe kumatchedwa commit. Maina amenewa a mafayilo onse ndiwo amabala dzina la foda, ndipo dzina la foda yaikulu, pamodzi ndi dzina la wolemba, tsiku, uthenga ndi dzina la commit yam'mbuyo, ndizo zimabala dzina la commit yatsopano. Tsono mverani bwino apa: mukafuna kusunga dzina la commit m'kati mwa fayilo ya m'commit yomweyo, kulembako kusintha fayilo, fayilo isintha foda, foda isintha commit, ndipo dzina mwalemba lija silikhalanso loona. Mudzalembanso, nalo lidzathawa. Ndi mtondo wosatha kusinja.

Wina angati, chabwino, musasunge m'nkhokwe, muzingolemba potapa monga ichitira Subversion. Koma muzilemba chiyani? Nambala yotsatana ya 1.7 ndi 1.8 kulibe, chifukwa mu Git munthu aliyense ali ndi nkhokwe yathunthu pa kompyuta yake, ndipo anthu awiri okhala m'maiko otalikirana, osalumikizana, akadatha kutcha 1.8 zinthu ziwiri zosiyana. Mbiri ya fayilo payokha nayo siisungidwa. Git imasunga chithunzi cha ntchito yonse pa commit iliyonse, ndipo kuti idziwe amene adakhudza fayilo ina komaliza iyenera kubwerera m'mbuyo m'mbiri kufikira itapeza pamene idasintha. Kuchita zimenezo pa fayilo imodzi n'kopepuka. Kuchita pa mafayilo zikwi makumimakumi a Linux, nthawi iliyonse munthu achoka pa nthambi ina kunka pa ina, n'kutaya liwiro limene Git idabadwira. Pakali pano, posintha nthambi, Git imangolemba mafayilo okhawo amene asiyana, ena onse n'kuwasiya chigonere. Koma pakadakhala dzina la commit m'fayilo iliyonse, onse akadayenera kulembedwanso, ndipo chida chomangira pulogalamu, poona kuti onse akhudzidwa, chikadayamba kumanga zonse kuchokera pansi.

Sikuti Git idatseka makomo onse. M'fayilo yotchedwa .gitattributes munthu angathe kupempha ident, ndipo $Id$ idzatambasulidwa. Koma chimene chidzalembedwe ndi hash ya fayiloyo yokha, yopanda tsiku, yopanda dzina la munthu. Angathenso kudzilembera zosefera ziwiri, china chotchedwa smudge cholemba potapa, china chotchedwa clean chofufuta pobwezera, ngakhale kuti zoseferazo siziyenda ndi nkhokwe, ndipo mnzake aliyense ayenera kuziikanso yekha pa kompyuta yake. Khomo lachitatu, limene ine ndilivomereza ndi mtima wonse, ndi export-subst, limene limalemba dzina la commit ndi tsiku m'fayilo pa nthawi yokhayo imene lamulo la git archive likumanga mtolo woti utuluke kunka kwa anthu. Mercurial, inzake ya Git pa ntchito yosunga mbiri, imene idabadwa mwezi womwewo wa Epulo 2005, nayo ili ndi chowonjezera cha mawu achizindikiro, koma eni ake adachiika m'gulu la zinthu zoti munthu azigwire pokhapokha njira zina zonse zitakanika.

Apa ndiye pafika chiweruzo changa, ndipo ndichinena mosapsatira: chida chosunga mbiri chisalembe kanthu m'fayilo imene munthu akugwirapo ntchito. Ntchito yake yoyamba ndi kubweza chimene chidalandira, ndipo tsiku limene chiyamba kukonza zosungitsidwa, pamenepo chikhulupiriro chayamba kung'aluka. Funso la akale lija, lakuti chinthuchi chidachokera kuti, liyankhidwe ndithu, koma liyankhidwe pa khomo lotulukira. Mlimi wa fodya salemba nambala yake pa tsamba lililonse lili m'chigafa. Amadikira asankhe, adinde belo, ndipo pa belo lopita ku okushoni m'pamene pamalembedwa za mwini wake, popeza chimene chikutuluka pakhomo ndi belo. Momwemonso chimene chimafika kwa wogula ndi pulogalamu yathunthu, ndipo dzina limodzi la commit limatchula mafayilo ake onse nthawi imodzi, mosaphonya ngakhale imodzi, chinthu chimene mndandanda wautali wa ident sudathe kuchita.

Njira yake ndi yodziwika. Lamulo la git describe limatchula dzina la mtundu womaliza umene udatulutsidwa, kuchuluka kwa ma commit amene adza pambuyo pake, ndi chidule cha hash. Ndipo mukalipempha, limawonjeza mawu akuti dirty ngati pali zosintha zosabwezeredwa, ndiko kuti limaulula bodza lomwe lija limene $Id$ inkabisa. Chida chomangira chimatenga mawu amenewo n'kuwaika m'pulogalamu, osakhudza khodi. Linux imachita chimodzimodzi ndi kafayilo kake kotchedwa setlocalversion, ndipo amene adadzimangirapo Linux kuchokera mu Git adaonapo chidule cha hash kumapeto kwa dzina lake. Chinenero cha Go, kuyambira mtundu wa 1.18 wa m'chaka cha 2022, chimalowetsa chokha dzina la commit m'pulogalamu pomanga, pamodzi ndi kunena ngati khodi idali itasinthidwa.

Sindifuna kuweruza mlandu nditamva mbali imodzi, ndipo otsutsa ali ndi mfundo imene siyenera kunyozedwa. Iwo amati si fayilo iliyonse imamangidwa kukhala pulogalamu. Alipo mafayilo oyenda okha, monga fayilo ya makonzedwe a seva, kapena kafayilo ka malamulo kamene woyang'anira makina amakakopera pa makompyuta ambiri, kapena chikalata chimene chimasindikizidwa pa pepala. Woyang'anira akadzutsidwa pakati pa usiku kuti seva yaima, natsegula fayilo ya makonzedwe, kamzere konena nambala ndi tsiku kamamuthandiza pompopompo. Ndivomera kuti kusowa kwake n'koona. Koma ndifunsa: kodi fayiloyo idafika bwanji pa sevayo? Ngati idatumizidwa ndi chida chotumizira, chida chimenecho ndicho chilembe kamzereko potumiza, monga momwe Ansible imalolera kuika mawu pamwamba pa fayilo imene yapanga. Ngati idakopedwa ndi manja, ndipo manja ena adadzaikonzanso pomwepo, monga zichitikira kawirikawiri usiku wa mavuto, ndiye kuti kamzereko kayamba kale kunama. Ndipo pali njira yoposa kamzere: lamulo la git hash-object limawerengetsa fayilo ili yonse imene mwaipatsa n'kutchula hash yake, ndipo mukaifunafuna hash imeneyo m'nkhokwe, mudzadziwa ngati fayiloyo idakhalamo ndi pamene idalowera, ndipo ikasowa, mwadziwa kuti wina adaisintha kunja. Pamenepo fayilo yadzichitira umboni ndi thupi lake lonse.

Tibwerere kwa anthu a BSD, pakuti iwo asonyeza mbali zonse ziwiri. A OpenBSD akadasungabe khodi yawo mu CVS, pa nkhokwe imodzi yaikulu, fayilo iliyonse ndi nambala yake. Kwa iwo kamzere ka $OpenBSD$ kakadali ndi tanthauzo, ndipo ali ndi mawu enanso, a Mdocdate, amene amalemba okha tsiku pa masamba a malangizo. Sindingawauze kuti aleke, popeza m'nyumba mwawo maziko a mwambowo akadalimo. A FreeBSD adayenda ulendo wina: adachoka ku CVS kunka ku Subversion m'chaka cha 2008, natenga mawu awo achizindikiro, kenaka adasamukira ku Git mu Disembala 2020, ndipo kumeneko mawuwo adangokhala chikhalire pamwamba pa mafayilo, osatambasulidwanso, kufikira mu Ogasiti 2023 pamene adawachotsa m'mafayilo zikwizikwi. A Linux nawo, cha m'ma 2008, adasesa mizere yambiri ya CVS imene idabwera ndi khodi yochokera kwina, imene inkanenabe masiku a zaka zapitazo pamene mafayilowo adali atasinthidwa kambirimbiri.

Tsono inu ophunzira luso lolemba mapulogalamu, amene mawa kapena mkuja mudzalembedwa ntchito ndi kupatsidwa khodi yakale kuti muisamale, mudzakumana nako kamzere kameneka, kali ndi dzina la munthu amene simudamuonepo ndi tsiku la musanabadwe. Musakakhulupirire musanafunse kuti nkhokwe ya pamalopo ndi ya mtundu wanji, pakuti safunsa adadya phula. Ngati ndi CVS kapena Subversion ndipo kamzereko kakadali kamoyo, kasiyeni, koma onetsetsani kuti mafayilo a zithunzi ndi ena otere atetezedwa, ndipo mawu a Log musawaonjezere pena paliponse. Ngati ndi Git ndipo kamzereko kadauma, pemphani chilolezo kwa akuluakulu a ntchitoyo kuti mukachotse m'mafayilo onse pa commit imodzi yosasakaniza ndi zina, pa nthawi imene nthambi zotseguka zili zochepa, kuti anzanu asavutike pophatikiza. Ndipo tsiku lomwelo konzani chida chanu chomangira kuti pulogalamu izitha kutchula yokha commit imene idachokera munthu akaifunsa.



(NYIMBO YOTSEKERA)